Chichereŵechere cha Bondo Chikawonongeka: Njira Yobwerera pa Chishalo cha Njinga

Funso ndi lomwelo, amangosintha ndi wofunsa. Lero ndi mnyamata wa njinga yamagiya amene amathamanga Loweruka m'mawa pa Leopards Hill Road ku Lusaka, mawa ndi bambo wonyamula malasha kuchokera ku Chongwe, mkuja ndi mayi wopita ku ntchito pa njinga ya Buffalo: "Adokotala akuti cartilage yawonongeka. Ndichitidwe opaleshoni? Nanga njinga ndidzatchovanso liti?" Yankho lake silitha pa foni, n'chifukwa chake lalembedwa pano. Gwirani ichi kuyambira pachiyambi: tsiku lokweranso njinga simulipeza pa kalendala. Amene amanena ndi bondo, ndipo limanena m'mawa wa tsiku lotsatira, potupa kapena posatupa. Dokotala amene waona mkati mwa bondo lanu akanena zosiyana ndi zili pano, tsatirani zake.

1. Dziwani chimene chawonongeka

Kumapeto kwa fupa la mwendo wa nkhuku kumakhala kanthu koyera, koterera, kamene ana amakonda kukukuta. Chimenecho ndi chichereŵechere, ndipo ku chipatala amati cartilage. M'bondo muli mitundu iwiri. Woyamba ndi woterera uja, wokuta nsonga za mafupa, wochindikala mamilimita 2 mpaka 4, ndipo kuseri kwa kafupa kozungulira ka kutsogolo kwa bondo, kamene amati patella, umachindikala kuposa pamenepo. Wachiwiri ndi meniscus. Iyi ndi nkhata ya bondo: ziwiri pa bondo lililonse, ina chamkati ina chakunja, zokhota ngati chilembo C, zokhala pakati pa fupa la ntchafu ndi la msongolo kuti katundu wa thupi asaphwanye pamalo amodzi.

Magazi safika m'chichereŵechere choterera, n'chifukwa chake chikakumbika sichimeranso monga chinalili. Mu meniscus amafika m'mphepete mwakunja mokha, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Pong'ambika pakakhala m'mphepetemo pangathe kulumikizana. Pakakhala chamkati, ayi.

Kutchova pakokha sikung'amba meniscus kawirikawiri, chifukwa bondo limangopinda ndi kuwongoka. Chimene chimang'amba ndi kupotokola: kuponda pansi mwadzidzidzi njinga yolemera ikupendekeka, kugwa, mpira wa Lamlungu, kapena kudzuka ponyonyomala mutanyamula katundu. Munthu akapitirira zaka 40 imatha kusasuka yokha ngati nsalu yakale. Ululu wa kutsogolo kwa bondo, wolimba potsika masitepe kapena mutakhala nthawi yaitali m'minibasi, nthawi zambiri umachokera ku chishalo chotsika ndi giya yolemera. Umenewo mankhwala ake ndi sipanala, osati mpeni. Onani gawo 9.

2. Masiku 3 oyamba

Tsikani panjinga. Musayese kutchova kuti bondo "lithe kuuma". Ikani ayisi wokulunga m'kansalu kwa mphindi 15 mpaka 20, pakapita maola 2 kapena 3 n'kubwerezanso. Magetsi akazima, nsalu yoviika m'madzi ozizira imathandizako. Mangani bandeji yotanuka, koma zala zikachita dzanzi masulani. Pogona mwendo ukhale pamwamba kuposa chiuno.

Musathowe ndi madzi otentha m'masiku amenewa, kutentha kumawonjezera kutupa. Musalole munthu kulikoka kapena kulisisita mwamphamvu, ndipo musateme mphini pa bondo lotupa: majeremusi akalowa m'mfundo amatha kudya chichereŵechere m'masiku ochepa.

Munthu wamkulu angamwe Panadol mapiritsi 2 a 500 mg maola 6 aliwonse, osapitirira 8 patsiku. Brufen ndi diclofenac amachepetsa kutupa koma ndi a masiku ochepa, mutadya. Ngati muli ndi zilonda za m'mimba, vuto la impso, BP, kapena mumamwa ma ARV okhala ndi tenofovir, funsani kaye ku kiliniki musanawagule.

3. Izi zikaoneka, pitani ku chipatala tsiku lomwelo

Bondo lakakamira, silikuwongoka ngakhale mutagona. Mwamva kuthethuka mkati ndipo latupa ngati dzungu pasanathe maola 2, zimene zimasonyeza magazi m'mfundo, kawirikawiri chifukwa cha mtsempha woduka kapena fupa. Simungaponde n'kuyenda mapazi anayi. Bondo latentha, lafiira, thupi latentha. Phazi lazizira kapena lachita dzanzi.

Kukakamira kuja musakuchedwere. Nthawi zambiri ndi chidutswa cha meniscus chimene chatembenuka ngati chogwirira cha ndowa n'kulowa pakati pa mafupa. Chikafulumiriridwa chimasokeka, chikakhalitsa chimapunduka, n'kungotsala kuchidula.

4. Kupimitsa

M'zipatala za boma mumayambira ku kiliniki kapena ku zipatala za m'makomboni monga Chilenje, Matero, Chawama, Kanyama ndi Chipata, kenako kalata imakutumizani kwa madokotala a mafupa ku zipatala zazikulu za UTH kapena Levy Mwanawasa. Kulinso chipatala cha mafupa cha St John Paul II, chimene ambiri amachitchulabe kuti Italian. Ngati muli pa NHIMA, inshuwalansi ya zaumoyo ya boma, funsani zimene imalipira musanajambulitse.

X-ray siionetsa chichereŵechere. Imaonetsa mafupa, ndipo ikajambulidwa mutaimirira imasonyeza ngati mpata wa pakati pawo wachepa. Choncho mawu oti "X-ray ili bwino" satanthauza kuti bondo lili bwino. Yoonetsa meniscus ndi MRI, makina ena ojambula mkati mwa thupi. Koma nayonso ili ndi msampha wake: anthu ambiri achikulire amene bondo siliwapweteka n'komwe, akajambulidwa amapezeka ndi meniscus yong'ambika. Dokotala wabwino amakupimani ndi manja, amafunsa momwe munavulalira, kenako amayang'ana chithunzi.

5. Opaleshoni kapena ayi

Ambiri safunika opaleshoni. Mu 2013 madokotala a ku Finland anafalitsa kafukufuku wa anthu 146 a zaka 35 mpaka 65 amene meniscus yawo inasasuka ndi ukalamba. Ena anawadula chidutswa chong'ambikacho, ena anangowalowetsa kamera osadula kalikonse. Patatha chaka, magulu awiriwo anali chimodzimodzi. Choncho ngati bondo silikukakamira ndipo vuto linabwera pang'onopang'ono, yambani ndi physio, masewero olimbitsa bondo ophunzitsidwa ku chipatala, kwa masabata 12, mochita zenizeni osati mongoyendera. Opaleshoni imakhala yanzeru bondo likamakakamira, mkati mukakhala chidutswa choyendayenda, wachinyamata akang'amba meniscus pangozi, kapena miyezi itatu ya masewero ikapita popanda kusintha.

Opaleshoni yake amati arthroscopy: timabowo tiwiri ta pafupifupi sentimita imodzi, kena ka kamera, kena ka zipangizo. Kunja mabala amafanana, koma ntchito yamkati ili mitundu itatu yosiyana kwambiri.

Kudula: amachotsa mbali yong'ambika yokha. Mumaponda msanga, ndodo ndi za masiku ochepa. Kuipa kwake, nkhata yachepa, ndipo nyamakazi ingabwere msanga m'tsogolo.

Kusoka: meniscus imasungidwa yonse. Kawirikawiri ndodo ndi chomangira bondo ndi za masabata 4 mpaka 6, kupinda osapitirira madigiri 90, ndipo kunyonyomala n'koletsedwa kwa miyezi pafupifupi 4.

Kuboola fupa, kumene amati microfracture: pamene choterera chija chakumbika amaboola timabowo kuti magazi a m'mafuta a fupa atuluke n'kuundana. Chomera pamenepo ndi chigamba, sichilimba ngati choyambirira. Masabata 6 mpaka 8 osaponda ndi mphamvu, ndipo ntchito yolemetsa imadikira miyezi 6 kapena kuposa.

Nthawi zambiri dokotala amasankha kudula kapena kusoka kamera ili kale mkati. Musatuluke m'chipatala musanalembetse papepala mayankho a mafunso anayi: Mwachita chiyani? Ndiponde motani? Ndipinde kufika madigiri angati? Mpaka liti? Pepalalo ndi limene a physio adzagwirire ntchito. Ndipo musadziyerekeze ndi mnzanu amene anakwera njinga patatha masabata atatu. Mwina iye anadulidwa, inu mwasokedwa.

6. Konzani pakhomo musanapite, makamaka chimbudzi

Apa ndi pamene malangizo ochokera kunja amangodumpha, chifukwa olembawo ali ndi chimbudzi chokhalira, bedi lalitali ndi chitofu choimirira. Kwathu kuno tsiku lonse ndi lopinda maondo. Munthu akanyonyomala mpaka pansi, fupa la ntchafu limafinya mbali ya kumbuyo ya meniscus, pamene pamang'ambika kawirikawiri ndiponso pamene ulusi wa dokotala uli. Mungasunge malamulo onse, koma kawiri patsiku m'chimbudzi chokumba mukuphwasula zimene zasokedwa. Odwala ambiri amachita manyazi kufunsa, adokotala nawo saganizira kunena.

Pitani kwa kalipentala akukhomereni mpando wolimba wa bowo pakati, wotalika masentimita 45 mpaka 50, kapena kuposerapo ngati ndinu wamtali: mukakhala, chiuno chisatsike kuposa maondo. Miyendo yake ikhale yotakasuka kuti isagwedezeke pa simenti yonyowa, ndipo pakhoma pakhale chogwira. Mpando wapulasitiki wobooledwa umathetheka, musaudalire. Ku bafa ikaniko sitululu yaitali, musambe mutakhala, bala litakutidwa kuti lisanyowe mpaka ulusi wa pakhungu utachotsedwa, patatha masiku 10 mpaka 14.

Matiresi a pansi akwezeni. Mbaula, beseni lochapira ndi mbale zikwere patebulo, kapena wina agwire ntchitozo. Pamphasa musakhale. Uzanitu apongozi ndi akuluakulu a mpingo kuti kwa miyezi ingapo simugwada. Ulemu mupereka ndi manja ndi mawu, ndipo munthu wamkulu akauzidwa pasadakhale sakhumudwa. Pamaliro pemphani mpando. M'minibasi khalani pamene mwendo ungatambasuke, osati kumbuyo kothinana.

Ndodo zoyendera zikhale ndi mphira kunsi, ndipo pansi popaka polishi ndi mdani wanu. Pa masitepe, pokwera utsogole mwendo wabwino, potsika zitsogole ndodo ndi mwendo wodwala. Fodya siyani, amachedwetsa kupola. Auzeni adokotala ogonetsa pa opaleshoni ngati muli ndi shuga, BP, sickle cell, komanso mankhwala onse amene mumamwa, azitsamba omwe.

7. Masabata oyamba: wongolani bondo, dzutsani ntchafu

Wotchova njinga amangoganiza zopinda, koma choyamba ndi kuwongola. Cholakwa chofala ndi kuika pilo kunsi kwa bondo chifukwa pamamveka bwino. Masabata awiri otero, bondo limauma lili chopinda, ndipo munthu amatsimphina miyezi. Pilo aikidwe kunsi kwa chidendene, bondo lilendewere m'malere kuti lidziwongole lokha, mphindi 5 mpaka 10, katatu kapena kanayi patsiku. Zimakoka kumbuyo kwa bondo, n'zimene zikufunika.

Chachiwiri, ntchafu imagona. Madzi akadzaza m'mfundo, mitsempha imachepetsa uthenga wopita ku mnofu wa kutsogolo kwa ntchafu, ndipo mnofuwo umafota mooneka m'masabata awiri okha, ngakhale wa munthu wotchova tsiku ndi tsiku. Si ulesi. Mutakhala pabedi mwendo uli chitambasukire, kanikizani kumbuyo kwa bondo pansi mpaka patella akwere pang'ono, gwirani masekondi 5, masulani. Kakhumi, ola lililonse kapena awiri. Ikani dzanja pantchafu mumve ngati yalimba. Zikatheka, kwezani mwendo wonse masentimita 30 uli chiwongokere, kakhumi katatu. Bondo likamapinda pokweza, nthawi yake sinakwane, bwererani kokanikiza.

Popinda, kolani phazi ndi chitenje n'kukokera chidendene kumatako pang'onopang'ono, osapitirira malire olembedwa papepala lija. Gwedezani phazi m'mwamba ndi pansi kawirikawiri kuti magazi aziyenda.

Gulani tepi ya telala. M'mawa uliwonse yezani kuzungulira bondo pakati pa patella, pamalo amodzimodzi, n'kulemba m'kabuku. Likakula ndi sentimita imodzi kuposa dzulo, dzulo munapitirira muyeso. Kabuku kameneka mudzakhala nako mpaka kumapeto.

Bwererani ku chipatala mwamsanga katumba akatupa n'kumapweteka, mukamabanika kapena kumva kupweteka pachifuwa, chifukwa mwina magazi aundana mumtsempha. Komanso bala likatulutsa mafinya, thupi likatentha, kapena ululu ukamakula m'malo mochepa.

8. Kuzungulira koyamba kwa pedulo

Kuti pedulo azungulire monse, bondo limafuna madigiri pafupifupi 110. Poyesa, khalani pampando: phazi likakhala kunsi kwenikweni kwa bondo ndi madigiri 90, ndipo liyenera kulowa bwino kunsi kwa mpando popanda thako kunyamuka. Odulidwa amafika apa patatha sabata imodzi kapena awiri. Osokedwa, kawirikawiri pakatha masabata 6, dokotala akachotsa malire. Obooledwa fupa ena amaloledwa msanga kuzungulitsa mopanda mphamvu, koma chilolezo chichokere kwa dokotala.

Yambirani pa njinga yosayenda ya ku physio kapena ku jimu. Ikasowa, wowotcherera angakupangireni choimikira chokweza tayala la kumbuyo. Chikhale chotakasuka, chosagwedezeka. Kwezani chishalo sentimita imodzi kapena ziwiri kuposa nthawi zonse kuti bondo lisapinde kwambiri pamwamba. Musakakamize kuzungulira. Pitani kutsogolo mpaka pokoka, bwererani kumbuyo mpaka pokoka, ngati katungwe, mwendo wabwino ndiwo ukuyendetsa. Kawirikawiri kuzungulira koyamba kumatheka chobwerera m'mbuyo. Njinga ya buleki ya pedulo, monga Buffalo wa giya imodzi, siingagwire ntchito imeneyi, chifukwa mukabweza pedulo imamanga.

Tsiku loyamba mphindi 5 zakwana, popanda kulemera kulikonse. Pumulani tsiku limodzi, yezani bondo. Likakhala chete, onjezani mphindi 2 kapena 3 ulendo uliwonse mpaka 20 kapena 30, kenako muyambe kulemeretsa pang'ono. Nthawi ndi kulemera musazikweze tsiku limodzi. Chiuno chikamanyamuka kuti pedulo adutse pamwamba, bondo silinapinde mokwanira.

9. Konzani njinga musanatuluke nayo

Khalani pachishalo, ikani chidendene pa pedulo ali pansi penipeni. Mwendo uwongoke ndendende chiuno chisanapendekeke. Mukabweza phazi kuti muponde ndi kutsogolo kwake, bondo limatsala lopinda pang'ono, madigiri 25 mpaka 35. Okonda masamu ayeze mwendo kuchokera pansi mpaka mphechepeche, achulukitse ndi 0.883: mwendo wa masentimita 80 umapereka pafupifupi 70.6, kuyeza kuchokera pakati pa chitsulo chozungulirapo ma crank, zitsulo zogwira mapedulo, mpaka pamwamba pa chishalo. Njinga zambiri za mu Lusaka zili ndi chishalo chotsika kuti mwini wake azifika pansi ndi mapazi onse. Bondo ndi limene limalipira. Ululu wa kutsogolo umati chishalo chatsika, wa kumbuyo umati chakwera. Sinthani mamilimita 3 mpaka 5 pa nthawi imodzi, ndipo chitsulo cha chishalo chisatuluke kupitirira mzere wolembedwapo.

Pedulo wopindika kapena kotapini yogwedera imapotokola bondo pa kuzungulira kulikonse; sinthani. Giya ikhale yopepuka, miyendo izungulire ka 80 mpaka 90 pa mphindi, ndiko kuti ka 20 mpaka 22 m'masekondi 15. Pa njinga ya giya imodzi, amakanika achotse ya kumbuyo ya mano 18 aike ya 20 kapena 22, mwina n'kuwonjezera tcheni. Ovala nsapato zokola pa pedulo abwerere kaye ku mapedulo wamba, chifukwa pokolola phazi mumapotokola bondo. Crank yaifupi, ya mamilimita 165 m'malo mwa 175, imachepetsa kupinda pamwamba.

10. Msewu, kenako katundu

Musanatuluke, bondo likhale losatupa, liwongoke ngati linzake, muyende mphindi 30 osatsimphina, muime ndi mwendo umodzi masekondi 30, ndipo mudzuke pampando ndi mwendo wodwala wokha kakhumi bondo osagwera mkati. Odulidwa amafika apa pa masabata 4 mpaka 6, osokedwa pa miyezi 3 kapena 4, obooledwa mochedwerapo.

Mwayi wathu ndi woti Lusaka ndi wathyathyathya. Sankhani msewu wa phula wopanda phokoso, Lamlungu m'mamawa, mphindi 20 mpaka 30. Great East Road ndi Lumumba nthawi ya anthu opita ku ntchito musayandikeko: choopsa si kutchova koma minibasi yoima mwadzidzidzi imene imakupondetsani pansi mosakonzeka. Poima, phazi la mwendo wabwino lifike pansi poyamba. Mchenga wa m'makomboni ndi maenje obisika m'madzi a mvula adikire. Onjezani nthawi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi pa sabata. Zitunda ndi kuimirira pa mapedulo ndi zomalizira. Masewero olimbitsa ntchafu ndi matako apitirire kawiri pa sabata, njinga yokha siimaliza ntchito imeneyo.

Kwa amene njinga ndiyo imadyetsa banja, apa m'povuta, chifukwa mphika sudikira. Kaliya ya Buffalo inapangidwa yonyamula makilogalamu 100, koma chiwerengero chimenecho ndi cha chitsulo, osati cha bondo losokedwa. Tchovani masabata awiri opanda kanthu, kenako makilogalamu 10, kenako thumba la unga la 25, kenako 50, pa muyeso uliwonse mukhalepo masabata awiri. Katundu amangidwe chotsika ndi cholingana mbali zonse. Njinga yolemera ikayamba kugwa, ilekeni igwe. Kuigwira ndi mwendo umodzi ndi kumene kumang'ambanso. Ndi bwino kubwereketsa njinga kwa m'bale mugawane phindu miyezi imeneyi.

Ululu wochepa, wosapitirira 3 pa 10, umene watha pofika m'mawa, ndi wololedwa. Tepi ikasonyeza kutupa, pumulani masiku awiri, ikani ayisi, mubwerere pa muyeso wa sabata yatha. Bondo likakakamiranso, likamagwa lokha poyenda, kapena kutupa kukakana kutsika kwa sabata yathunthu, imikani njinga, tengani kabuku kanu ndi pepala la opaleshoni lija mukaonane ndi dokotala.